Goli la Teleza

1

Amati munthu akakalamba mtima umazizira. Limenelo ndi bodza. Mano anandithera m'kamwa, maso anachita chifunga, koma ndikangokumbukira Goodson, mwamuna amene ndinakhala naye pa banja zaka zisanu ndi zinayi, m'kamwa mumawawa ngati ndatafuna kwinini.

Ine ndine Lestina. Zimene ndikuuzenizi zinachitika m'chaka cha 1934 pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Dzina lake sinditchula, zidzukulu za anthu ake zikadalipo.

Ine sindinkathyola tiyi. Ndinkathandiza pa kachipatala ka pa esiteti, pansi pa dilesa wathu a Yesaya, bambo wachimang'anja wodziwa kutsuka zilonda koma wosamva Chilomwe ngakhale liwu limodzi. Antchito ambiri anali Alomwe ongowoloka kumene Ruo, kuthawa zikoti za Apwitikizi. Ananditenga kuti ndizimasulira ndi kusesa, koma posakhalitsa anandisiyira odwala onse amene mankhwala a m'botolo sawafika, anthu ozungulira mutu.

Ntchito yake inali ya miyendo ndi pakamwa. Lamulo la pa esiteti linali loti wosagwira ntchito alibe nyumba, choncho munthu akasokonezeka, banja lonse linkagona ndi mantha. Ndinkazungulira m'malayini a nyumba za antchito, kukhala pansi ndi abale, kuwachonderera kuti asamumenye, asamumane chakudya. Kenako ndinkapita kwa makapitawo kukapempha kantchito kopepuka. A Blackson, amene ananyamula katundu pa nkhondo ya Jeremani, ankadziponya m'tiyi fakitale ikangoliza likhweru, n'kumakuwa kuti mizinga yabwera. Ndinavutana ndi makapitawo mpaka anawapatsa ntchito yothirira mbande kutsidya la mtsinje, kumene likhweru silinkamveka, ndipo ana awo sanathamangitsidwe.

Wamkulu wa makapitawo onsewo anali Goodson. Wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, mkulu wa mpingo, woimba besi Lamulungu. Chimodzi chokha chinkasowa m'nyumba mwathu, ndipo esiteti yonse inkachidziwa: ine sindinabereke.

2

Teleza anali mtsikana wothyola tiyi, wofatsa, wa manja achangu. Anawoloka malire ndi amayi ake okha, amayiwo n'kumwalira chaka chomwecho. Analibe mlongo, analibe malume woti n'kumuyankhulira. Atapezeka ndi pakati, amayi a m'layini anamupanikiza kuti atchule mwini wake, iye n'kungoyang'ana pansi.

Nthawi itakwana anamutenga ndi a Magdalena, mzamba wa pa esiteti, amene analinso amayi ake aang'ono a Goodson. Nyumba yawo inali payokha kumalire a munda. M'mawa mwake uthenga unayenda monong'ona kuti kwachitika mtayo, mwana wabadwa wakufa.

Inu a masiku ano mwina simudziwa. Mtayo sulira maliro. Amuna sayandikira, mayi wake samuonetsa, amayi achikulire amangokafotsera kudambo mwakachetechete, ndipo kuyambira tsikulo palibe wofunsa kanthu. Ifenso sitinafunse.

Koma Teleza atadzuka pamphasa anayamba kufunsa iyeyo. Ankasiya dengu pakati pa mzere n'kupita kudambo kukakumba ndi zala. Anasiya kusamba, anasiya kugona. Ankayenda m'malayini akuitana m'Chilomwe kuti "Mwanaka! Mwanaka!", kutanthauza mwana wanga. Tsiku lina pa sikelo yoyezera tiyi anakwatula khanda kumsana kwa mayi wina, n'kulinunkhiza, n'kulibweza akulira. Sanalipweteke, koma Goodson anakuwa pomwepo:

"Bweretsani goli! Tidikire mpaka aphe mwana wa mwini?"

Goli ndi mtengo wolemera wa mphanda. Khosi la munthu amalilowetsa pamphandapo, kumbuyo n'kukhomera chitsulo chopingasa. Kale ankamangira akapolo, ife tinkamangira odwala. Anamukhazika Teleza m'kachisakasa kuseri kwa chipatala, ndipo womusamala ndinali ine.

3

Patapita masabata angapo, a Magdalena anatulukira kwathu atabereka kanthu kumsana. Goodson anali pambuyo pawo, mano onse pamtunda.

"Mayi, Mulungu watikumbukira," anatero. "Ku Goliati kwamwalira mbale wa amayiwa, wasiya khanda lopanda womulera. Ndati ife ndife Akhristu, sitingaonerere."

A Magdalena anandiikira m'manja kamnyamata kofiira, ka tsitsi lambiri. Ndinalira, ndinagwada, ndinagwira mapazi a apongozi anga kuwathokoza. Goodson anamutcha Douglas, dzina la bwana wake, ndipo Lamulungu abusa anamuimika Goodsonyo kutsogolo kuti mpingo uone chitsanzo cha chifundo. Ndinanyada ine, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Malamulo anali awiri. Loyamba, ndikamapita kwa odwala anga mwana ndizimusiya kwa a Magdalena, makamaka ndisayerekeze kumufikitsa kwa Teleza. Limenelo ndinalimva, poti mkaziyo anali atakwatula kale mwana wa wina. Lachiwiri silinanenedwe ndi pakamwa. Tsiku lomwe Douglas analowa m'nyumba, Goodson anatenga mphasa yake n'kukayala pabalaza.

"Ndakulakwirani chiyani, bambo?" ndinafunsa patatha mlungu.

"Palibe. Mwana amalira, ine ndimadzuka m'mawa."

Mwezi unatha, wina n'kutha. Ngakhale kundigwira dzanja ankaopa ngati ndili ndi khate. Ndinadziuza kuti wapeza chimene ankafuna, chumba ngati ine alibe nachonso ntchito, ndipo ndinameza manyaziwo ndekha.

4

Tsiku ndi tsiku ndinkapita kwa Teleza ndi chikho cha madzi ndi phala. Ndinkamusambitsa, kumupaka mafuta a nsatsi pamene goli linamusupula khosi, kumuchotsa matekenya, n'kukhala naye. Ntchito yathu yambiri ndi kukhala pansi. Wodwala mutu akaona kuti suthawa, amayamba kuyankhula.

Chinkandidabwitsa n'chakuti m'mawa uliwonse ankadzifinya mawere, mkaka n'kumagwera padothi.

"Teleza, siya kutero, uume. Ukudzipweteka."

"Ndikauumitsa adzayamwa chiyani akabwera?"

"Mwana uja anapita, m'bale wanga."

"Analira, anamayi. Ndinamumva ndi makutu angawa. Analira, kenako maso anga anachita mdima. Mwana wakufa amalira?"

"Magazi anakutayika ambiri. Munthu amamva zinthu."

Anandiyang'ana cham'mbali, poti khosi silinkatembenuka. "Inu nsalu yanu ikununkha khanda."

"Ndinanyamula wa mnansi," ndinayankha msanga. Mayi woferedwa sumuuza za chimwemwe chako, ndimo tinaleredwera.

Komabe mawu akewo sankasintha. Odwala anga ena lero akuuza izi, mawa izo, koma Teleza nkhani yake inali imodzimodzi ngati munthu woloza njira yakwawo. Ndinaganiza kuti mwina akaonetsedwa pamene anafotsera mwana mtima ungakhale pansi. Ndinayamba kufunsa amayi achikulire a m'malayini mmodzimmodzi kuti anaperekeza ndani tsikulo. Uyu akuti sindinaitanidwe, uyo akuti ndinamva zitatha. Nditafunsa a Magdalena eni ake, anandilasa ndi maso.

"Iwe wabereka kangati kuti uzifunsa za mtayo? Anandithandiza mlendo wa ku Goliati. Zatha."

Pa mawu amenewo mkazi wosabereka amatseka pakamwa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Mlungu womwewo a Yesaya anandiitana. "Mayi Lestina, amuna anu akadandaula kwa bwana kuti wodwala uja akusokoneza antchito. Lachisanu lole yopita ku Limbe imutenga. A Boma akamupititsa ku nyumba ya amisala."

"A dilesa, kumeneko n'kutali! Alibe mbale woti adzakamuone kapena kukamutenga. Ndipatseniko mwezi umodzi."

"Ine ndine dilesa chabe. Kapitawo wanena, bwana wavomera. Kakambiraneni kunyumba."

Ndinakambirana nayedi. Anandiyankha akupukuta nsapato zake: "Wamisala ndi wamisala. Mukufuna ndimumangire nyumba?"

5

Nthawi yonseyi Douglas sankakula bwino. Mkaka wa mbuzi unkamutsegula m'mimba, wa m'chitini umene dona wa bwana anatipatsa unatha msanga, phala ankalavula. Tsitsi lija linayamba kufiira. Ndinkamuyang'ana mtima uli m'mwamba, poti ana otere ndinali nditawaona ambiri ku chipatala, ndipo ndinkadziwa kumene njirayo imathera.

Kwathu khanda likabadwa, bambo ndi mayi ake sakhalira pamodzi mpaka tsiku lomutengera mwana kumphasa, pamene awiriwo amakumananso kuti mwanayo alimbe. Tsikulo lisanafike, bambo akagona ndi mkazi wina aliyense amene si mayi wa mwanayo, amati wamutsempha, ndipo mwana amatupa, amaonda, amafa. A mpingo ankatiletsa kukhulupirira zimenezi, koma ndani ankafuna kuyesera pa mwana wake?

Lachinayi masana Goodson atabwera kudzadya, ndinalimba mtima.

"Bambo, mwanayu makolo ake kulibe, sanatengeredwe kumphasa. Bwanji timutengere ifeyo? Mwina angalimbe."

Anataya mbale. "Mwapenga? Musadzanenenso zimenezo!"

Ndisanayankhe analowa a Magdalena, amene ndinali nditawatumizira mawu kuti mwana wafooka. Anamufunyulula, anadina phazi ndi chala, chala n'kusiya dzenje. Anadina tsaya. Nkhope yawo inasintha. Anaiwala kuti ine ndili pomwepo, anatembenukira Goodson n'kumumenya khofi, kapitawo wamkulu, ndi jekete lake lomwe.

"Wapita kwa ndani, galu iwe? Sindinakuuze kuti upirire mpaka ndipeze mankhwala ku Thekerani? Wamutsempha mwana!"

"Sindinapite kulikonse, amayi! Ngakhale awa sindinawakhudze, afunseni!"

Kenako onse awiri anatembenuka n'kundiyang'ana. Khoswe wa padenga anali ataulula wa padzala.

Ndinayankhula pang'onopang'ono, kuti ndidzimve ndekha.

"Apongozi, mwana wamasiye wa ku Goliati angatsemphedwe bwanji ndi munthu amene si bambo wake?"

Ndinawayandikira a Magdalena.

"Ndipo ngati ine, mkazi wake wa ukwati, ndili mkazi wina kwa mwanayu, mayi wake ndani? Ali kuti?"

"Mayi, khalani pansi," anatero Goodson. "Ndinachitira inu. Zaka zonsezi mumalira mwana. Mtsikana uja akanamulera ndi chiyani? Ndipo mpingo ukanamva..."

"Iwe!" Sindinali nditamutchulapo iwe chikwatirane. "Unampatsa mimba mwana wopanda kwawo, unamuopseza kuti asakutchule, munamubera khanda akali chikomokere, ndiye atalifuna unamukhomera goli? N'kunditumanso ine kuti ndizikamuuza kuti mwana wake anafa?"

A Magdalena anandigwira mkono, mawu atafewa ngati a munthu wogulitsa mankhwala. "Lestina, ganiza bwino. Mawa lole ikamutenga, nkhani yatha. Mwana ndi wako mpaka imfa. Ukatsegula pakamwa ubwerera kukhala chumba choseketsa esiteti yonse. Ukufuna zimenezo?"

Sindikubisirani, anagwira pamene panali bala. Ndinamuyang'ana Douglas, kamwana kamene kankandidziwa fungo, kankasiya kulira ndikakayika pachifuwa changa chouma. Ndinalakalaka nditagontha makutu tsiku limenelo. Koma ndinaonanso dzenje la chala pa phazi lake, ndinakumbukira mkaka uja ukugwera padothi kuseri kwa chipatala m'mawa uliwonse. Anthu awiriwa ankafuna mankhwala a ku Thekerani, pamene mwana ankafa ndi njala pafupi ndi bere la mayi wake.

"Ndamva, apongozi," ndinatero. Iwo anayesa ndavomera.

6

Lachisanu m'mawa, Goodson atapita kukagawa ntchito, ndinabereka Douglas n'kulunjika ku chipatala. Lole inali itaima kale pabwalo, mabokosi a tiyi atapakira, dalaivala akusuta fodya. A Yesaya atandiona ndi mwana anatambasula manja.

"Mayi Lestina, kumeneko ndi khanda ayi! Akalipweteka mlandu ukhala wanga."

"A dilesa, zaka zonsezi ndinakunamizanipo? Bwerani muone. Mutenge ndi hamala."

Teleza anali atakhala pansi, goli litatsamira pa mwala. Ndinagwada patsogolo pake, ndinamasula nsalu. Ndinkadziwa kuti mkaziyu akudwaladi, ndipo sindinkadziwa chimene achite.

"Teleza, sunaname. Analira."

Ndinamuika mwana pamiyendo pake. Sanakuwe. Anamunyamula pang'onopang'ono kufikitsa pamphuno, anamununkhiza m'mutu, m'khosi, kenako anamutsitsira pa bere. Douglas anavutika kaye, anali ataiwala, kenako anagwira. M'chisakasa monse munkangomveka kumeza.

Pamenepo ndinaona chinthu chimene chimandiwotchabe mpaka lero. Teleza ankayesetsa kuweramitsa mutu kuti aone nkhope ya mwana wake akuyamwa, koma mphanda ya goli inamugwira chibwano. Maso okha ndiwo ankatsika, misozi n'kumayenderera pamtengo.

Ndinalanda hamala m'manja mwa a Yesaya. Iwo sanandiletse, anagwira goli kuti lisamugwedeze khosi, ine n'kumenya chitsulo chija mpaka chinasolokoka.

"Ndani walamula zimenezo?"

Anali Goodson, ndi amuna awiri oti anyamule wodwala. Pambuyo pawo amayi othyola tiyi anali ataima ndi madengu awo, poti njira ya kumunda inkadutsa pomwepo. Ndinakoka goli lija, kulemera konse kuja sindinakumve, n'kuliponya pa nsapato zake zopukuta.

"Amayi, imani mumve!" ndinakuwa m'Chinyanja, n'kubwerezanso m'Chilomwe kuti pasakhale wotsalira. "Ndani mwa inu anafotsera mtayo wa Teleza? Palibe! Mtayo wake ndi uyo akuyamwayo. Bambo wake ndi uyu, mkulu wa mpingo, wogona pabalaza miyezi itatu kuopa kutsempha mwana wamasiye!"

Amayi aja sanafune umboni wina. Aliyense wa iwo ankadziwa chimene chimagoneka mwamuna pabalaza. Mmodzi anawomba m'manja monyoza, wina analavula, kenako phokoso linabuka.

"Nayenso wapenga!" anakuwa Goodson. "Mutengeni pamodzi!"

Amuna awiri aja anayang'anana, osasuntha. A Yesaya anatuluka m'chisakasa akupukuta manja, n'kuuza dalaivala kuti: "Pitani, achimwene. Lero kuno kulibe wodwala wa ulendo."

Bwana anafika pa njinga yake yamoto atamva phokoso. Atamufotokozera, anangoyang'ana dzuwa n'kufunsa chifukwa chake masamba sanayambe kuthyoledwa.

7

Mukuyesa Goodson anamangidwa? Kapitawo wodzaza madengu bwana samutaya chifukwa cha mtsikana wachilomwe. Mpingo unamukhazika pa benchi yakumbuyo miyezi ingapo, analira pamaso pa abusa, anabwerera ku besi yake. Anakwatira wina. A Magdalena anasamukira ku Goliati, n'kupitiriza uzamba. Ine ndi amene ndinatuluka m'nyumba ndi mphasa ndi mphika umodzi, ndipo panali amayi ena a mpingo amene anasiya kundipatsa moni chifukwa ndinavula mwamuna pagulu.

A Yesaya anatipatsa kachipinda kosungiramo nkhuni. Tinakhalamo atatu. Musaganize kuti Teleza anachira tsiku lomwelo. Munthu amene mwamuuza miyezi yonseyo kuti makutu ake ndi abodza sabwerera msanga. Ankadzidzimuka, ankabisa mwana m'dengu akamva mapazi, nthawi zina ankakana ngakhale ine kumugwira. Ndinagwira ntchito yanga yomwe ija, kukhala pansi osathawa. Mapazi a mwana anaphwa mwezi usanathe, ndipo mvula yachiwiri isanagwe Teleza anabwerera ku mzere wake wa tiyi. Dzina la Douglas analikana, anamutcha Fabiano.

Tsiku lina tikusenda chinangwa ndinamufunsa chimene chinkandidya.

"Masiku onse aja ndinkabwera kwa iwe, bwanji sunandiuze kuti mimba inali ya mwamuna wanga? Ndikanazindikira msanga."

Anayankha osakweza mutu. "Anamayi, pa esiteti yonse munali inu nokha wondibweretsera madzi. Ndikanatchula dzina limenelo, mukanabweranso?"

Yankho lake sindikulidziwa mpaka lero.

Inu amene mukuwerenga, mwambi woti wamisala anaona nkhondo mumaudziwa nonse, mumaunena mukuseka pa mowa. Ife tinali esiteti yathunthu ya anthu amutu wabwino, odziwa mwambo, odziwa nyimbo za m'buku, ndipo tonse tinatseka pakamwa chifukwa za mtayo safunsa. Mbava zinabisala kuseri kwa ulemu wathu womwewo. Ngati kwanuko kuli wina amene mwamutsekera m'chipinda, amene amangobwereza mawu amodzimodzi, musanaitane galimoto khalani pansi mumufunse kuti anamva chiyani, ndipo mufufuze kuti akufulumiza galimotoyo ndani.

Fabiano anakula, ali ndi zidzukulu. Amanditcha amayi aakulu, ndipo ndi iye amandifolerera denga. Teleza tinamuika zaka zapitazo. Pomusambitsa ndinali ine, ndipo pansi pa chibwano chake zipsera ziwiri za mphanda zija zinali zikadalipo. Goodson anafa ndi ulemu wake wonse, maliro ake kunabwera makwaya atatu. Abale ake ananditumira uthenga kuti ndikakhale nawo pamphasa ya akazi ake. Ndinawauza kuti ine za mtayo sindifunsa, ndipo ndinapita kukathirira mpiru wanga.